Ndifunseni Ngati Anzanga

Chitseko chitangotseguka, gulu lonse linamuunjirira mnyamata wotulukayo ngati nyerere pa shuga.

"Akufunsa chiyani? Yankhula, iwe!"

"Ndisiyeni ndipume kaye, abale," anatero mnyamatayo akupukuta thukuta ndi tayi yobwereka. "Lero a Dokotala Fikri adzukira zala. Akukupatsa kakhadi ka zidindo za zala, ndiye akufuna dzina la sayansi yake m'Chingerezi. Lonse, osaluma mchira."

Khonde lonse linayamba kulira ngati mng'oma wa njuchi. Umu ndi mmene mayeso apakamwa ankayendera pasukulu ya udokotalayo: aliyense wotuluka ankasiya funso pakhomo, otsalawo n'kumalitafuna podikira kuitanidwa.

Shorouk sanathamange nawo. Anakhala pamasitepe, buku lili pamiyendo, akupotokola mphete ya chitomero kudzanja lake lamanja. Dzinalo ankalidziwa. Akanatha kulilemba ngakhale atamudzidzimutsa kutulo: dactyloscopy. Vuto linali pakamwa. Shorouk anali wachibwibwi chibadwire, ndipo mawu amenewa anasonkhanitsa adani ake onse m'nyumba imodzi, d, k, t ndi p, zilembo zimene zinkamukakamira pakhosi ngati munga wa nsomba.

Akanakhala mayeso ena akanangoti zidze. Koma awa anali a phunziro lofufuza za imfa ndi milandu, ndipo nthambi imeneyo inkasunga ophunzira ochepa kwambiri kuti adzagwire ntchito pomwepo, okhawo amene malikisi awo afika kudenga. Zolemba anali atakhoza kale kuposa anzake. Zinatsala ndi zapakamwazi, ndipo kungokhoza chabe kunalibe ntchito kwa iye. M'mawa uliwonse, minibasi ikamawoloka mlatho wa pa Nailo, Shorouk ankatsamira pawindo n'kumadziona atavala zoyera, akuwerenga pathupi la munthu zimene mwini wake sangathenso kunena. Maloto amenewa analibe ena olowa m'malo mwake.

Mnzake wapamtima, Marina, anamuponyera pamiyendo buledi wofutiramo nyemba.

"Idya, iwe. Ukakomoka pano akunyamula n'kukakugoneka patebulo, tikayesedwere pa iwe."

"Sizilowa."

"Chifukwa cha kamawu kamodzi? Tamvera: daktiloskobi! Waona? Kungomeza ngati mpunga wa koshari."

"Kumapetoko ndi pi, osati bi," anatero Shorouk. Akakhala ndi Marina lilime lake linkamasuka ndithu, linkangopunthwa mwa apo ndi apo.

"Pi, bi, akusamala ndani? Mu Iguputo muno pi anamwalira kalekale, tinamusambitsa n'kumuika m'manda. A Fikri eni akewo amati bolisi. Iweyo ndiye ukufuna kumuukitsa?"

Shorouk anaseka mosafuna.

"Si unandiuza kuti ndi mawu awiri a Chigiriki anawamata pamodzi?" Marina anapitiriza akutafuna. "Daktilo ndi chala, skopi ndi kuyang'ana. Ndiye wabenthule pakatipo ngati buledi, udye mbali imodzi, upume, udye inayo."

"Ndinayesa. Ndikapuma pamenepo, sko amandiimira kutsogolo ngati khoma. Mawuwa ali ndi podulira pawiri, Marina. Pali podulira tanthauzo, pali podulira pakamwa. Pakamwa s amasamuka kwawo n'kukagona kwa aneba."

Shorouk anayala dzanja pabukupo n'kuyamba kugunda ndi zala, kuyambira chachikulu mpaka chaching'ono.

"Dak, ti, los, ko, pi. Mphamvu yonse pa los, ngati minibasi ikudumpha bampu. Ndikadutsa pamenepo kwatsalako ndi kutsetsereka."

"Aa, si wanena bwinobwino apa? Nanga ukulirira chiyani?"

"Iwe ndiwe Marina. Ulibe cholembera chofiira."

Foni ya Shorouk inanjenjemera. Marina anaitsomphola mwini wake asanaigwire n'kuwerenga mokweza, dzanja lili pamtima.

"'Mwezi wanga, usade nkhawa ngakhale pang'ono. Zonse zili bwino. Ndikukudikira pageti.' Mayo ine! Mwezi wanga masana ano? Ine wanga amangolemba kuti 'wadya?'"

Shorouk analanda foniyo, nkhope ikutentha. Medhat, bwenzi lake, anali mwana wa a Haji Sobhi, eni sitolo yaikulu ya mankhwala pafupi ndi siteshoni ya sitima. Anakumana pamene Shorouk anapita kukagulira mayi ake mankhwala a shuga, dzina la mankhwalawo n'kumukanika pakamwa, mnyamata wa pakauntala n'kumumalizira akumwetulira. Medhat anali ndi nsidze zokumana ndi mawu oyenderera ngati uchi. Akayamba kuyankhula madzulo m'mbali mwa mtsinje, mabwato akudutsa ndi nyali zawo, Shorouk ankalakalaka msewuwo utapanda mathero. Ankamukonda. Za zimenezo panalibe chibwibwi.

"Shorouk Abdel-Mawla!" anaitana mawu kuchitseko.

Marina anamukonzera mpango kumutu n'kumukankha. "Pita. Mbewa yamanyazi inafera kuuna."

M'chipindamo munkanunkha mankhwala osungira mitembo ndi fodya wakale. Patebulo panali chigaza cha munthu, mabotolo okhala ndi zinthu zotuwa, kakhadi ka zidindo za zala ndi kapu ya tiyi. Kuseri kwa zonsezi kunakhala a Dokotala Fikri, mkulu wa nthambiyo, bambo wadazi amene ophunzira ankati akakuyang'ana amakhala akuyerekeza kale tsiku limene unafa.

Koma atamuona Shorouk anamwetulira. Shorouk anali asanawaonepo mano.

"Khala, mwana wanga, khala. Ndiwe Shorouk? Mpongozi wa a Haji Sobhi?"

Anayankhula m'Chiarabu, chinenero cha tiyi ndi malonje, osati cha mayeso.

"E-eya, adokotala."

"A Haji ndi ine tinakhalira benchi imodzi kupulayimale. Dzulo anabwera kunyumba ndi mwana wawo, atanyamula thireyi ya keke ya basbousa yoti mudzi wonse ungadye. Andifotokozera vuto lako. Mulungu amapereka, Mulungu amamana, ife ndife yani?" Analemba kenakake papepala. "Basi. Wakhoza. Ukawapatse moni amayi."

Shorouk anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira kumsana. Panalibe wophunzira pasukulupo amene sankadziwa malikisi amenewa. Ankawatcha achifundo. Munthu wopempheredwa salephera, komanso sakwera: amamuika pamzere penipeni, pamene palibe angadandaule. Ndi malikisi amenewo akanakhala dokotala ndithu, koma chitseko cha nthambi iyi chikanatsekeka mpaka kalekale.

Sananyamuke.

"Pali china?" anafunsa a Fikri, dzanja lili kale pakapu.

"Si-simunandifunse."

"Ndakufunsa dzina, wayankha bwino."

"N-ndifunseni ngati anzanga."

Mano aja anabwerera kwawo. A Fikri anavula magalasi n'kuwaika pambali pa chigaza.

"Mwana wanga, mwina sunamve. Munthu wamkulu, wa imvi zake, anakwera masitepe a kwanga kudzakupempherera. Mphatso sabweza. Ukaibweza wachititsa manyazi wopereka ndi wonyamula yemwe."

"Ine sindinatume munthu."

"Akuchitira chifundo."

"Chifundo china... chinapha nkhwali, adokotala."

"Chinapha wochita chifundoyo, osati wochitiridwa. Mwambi wako waupotoza."

"Lero chikupha ine."

Kunja wina anaseka, wina n'kumuletsa. A Fikri anamuyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo aja oyerekeza tsiku la imfa.

"Tamvera bwino. Ndikakufunsa, ndikufunsa mmene ndimafunsira aliyense. Sindichedwetsa wotchi, sindifewetsa funso. Ukagwa, wagwa, ubwereza chaka, ndipo a Haji asadzabwerenso kwanga ndi thireyi. Zili m'manjazi ukuzitaya chifukwa cha mbalame ya mumtengo. Ukufunabe?"

Shorouk anaganiza za mayi ake, amene anali atayamba kale kuuza aneba kuti chaka chino m'nyumba mwawo mutuluka dokotala. Anaganiza za chaka chathunthu chokhala m'kalasi ndi ana am'mbuyo mwake. Chitseko chinali pafupi, ndipo kutuluka kunali kosavuta.

"Ndifunseni."

A Fikri anakankha kakhadi kaja ndi chala chimodzi mpaka kanafika patsogolo pake. Tsopano anayankhula m'Chingerezi, mawu ouma ngati a woweruza. Ankafuna dzina la sayansi yozindikira munthu ndi zidindo za zala zake.

Shorouk anatsegula pakamwa. Lilime linakwera kuseri kwa mano n'kumatirira pomwepo. Mpweya unadzaza m'chifuwa, koma khomo linali lotseka. Anamva mitsempha ya m'khosi ikukokana, chibwano chikunjenjemera, diso lakumanzere likuphethira lokha monga linkachitira kuyambira ali mwana, ana anzake akumuzungulira pabwalo la sukulu n'kumamuyeserera. Fani ya kudenga inkazungulira. Chigaza chija chinkamuyang'ana ndi maenje ake, chokhacho m'chipindamo chimene sichinkafulumira.

A Fikri anapumira m'mwamba. "Dac..." anayamba.

Shorouk anakweza dzanja, chikhatho chili kwa iwo, monga wapolisi amaimitsira galimoto. Palibe wophunzira anali atawaimitsapo a Dokotala Fikri. Iwo anatseka pakamwa chifukwa cha kudabwa chabe.

Dzanja lomwelo analitsitsa n'kuliyala patebulo. Anakanikiza chala chachikulu pathabwa, natulutsa kampweya pang'ono kuti lilime limasuke.

"Dak."

Chala cholozera.

"Ti."

Chapakati anachimenyetsa mwamphamvu moti tiyi anagwedezeka m'kapu.

"Los!"

Linatuluka mokweza kuposa mmene ankafunira, mpaka phokoso la pakhonde linazima.

"Ko."

Kenako milomo inatsekana pa chidutswa chomaliza n'kukana kutseguka. Masaya anatupa. Akanatha kunena bi, monga Marina, monga khonde lonse, ndipo palibe akanamuchotsera kanthu. Koma bi nayenso amafuna milomo yomweyo, ndipo Shorouk sanavutike ulendo wonsewu kuti akafike pakhomo la eni ake. Anadikira, chala chaching'ono chili chikanikizire, mpaka chinayera.

"Pi."

Kenako anawanenanso onse pamodzi, pang'onopang'ono, ngati munthu wowoloka ngalande podumpha pamiyala: "Dac-ty-los-co-py."

"Mawu amodzi adya nthawi ya tiyi wathunthu," anatero a Fikri.

"Koma afika."

"Akutanthauzanji?"

Anawauza za chala ndi kuyang'ana. Anamufunsa mitundu ya mizere ya pachala, iye n'kuitchula: yokhota ngati uta, yopita n'kubwerera, ndi yozungulira ngati chigoba cha nkhono. Anamuuza aloze pakakhadi, analoza. Anamufunsa ngati mapasa ofanana amakhala ndi zidindo zofanana, iye anati ayi, nafotokoza chifukwa chake. Paliponse ankapunthwa, ankaima, ankayambiranso, ndipo a Fikri sanamuthandizenso ngakhale kamodzi. Atamufunsa za mankhwala ena oonetsera zidindo papepala lonyowa, Shorouk anafufuza m'mutu osapeza kanthu.

"Sindikudziwa, adokotala."

"Hmm," anatero iwo, nalemba. Cholemberacho chinalira papepala ngati mpeni pambale.

Kenako anatsamira kumpando.

"Asodzi avuula munthu mu Nailo. Wakhala m'madzi nthawi yaitali, nkhope palibe, m'matumba mulibe kanthu. Kwinakwake kuli mayi amene akufunafuna mwana wake. Zala zafufuma, inki sikugwira. Uchita chiyani?"

Apa Shorouk anaiwala fani, anaiwala wotchi. Anamuona mayiyo bwinobwino, atavala zakuda, atakhala pansi pakhomo la polisi.

"Khungu la dzanja limakhala litasupuka," anatero. "Limavuka lonse ngati g-golovesi. Ndilivula mosamala kuti lisang'ambike, ndilitsuka, ndiliumitsa pang'ono. Kenako ndivala golovesi yanga, khungu lakelo n'kuliveka pamwamba pa chala changa. Ndiye ndidinda. Chala ndi changa, koma chidindo ndi chake."

A Fikri anabweza kapu pambale asanamwe.

"Osachita nseru?"

"Ndi munthu, adokotala. Akufuna kupita kwawo."

Kunja wina anagogoda mwaulemu, pofuna kudziwa ngati m'katimo mudakali amoyo.

"Ntchito imeneyi simathera patebulo," anatero a Fikri. "Udzaima kukhoti. Maloya a kuno ndi afisi, akadzamva lilime lakolo adzakudya wamoyo."

"Adzadikira. Mwini mlandu amakhala ali m'firiji, sapupuluma."

Kukamwa kwa a Fikri kunagwedezeka mbali imodzi, koma anakugwira msanga. Anakhwatcha zimene analemba poyamba zija, nalemba zina ataphimba ndi dzanja.

"Izi si zachifundo. Ngati zikukwana udzaona pamodzi ndi anzako, ine sindilonjeza. Loweruka m'mawa ndili ndi ntchito ku mochale. Ukafuna ubwere, ndione ngati manja ako ali ndi makani ngati mutu wakowo." Anavala magalasi. "Koma a Haji ndiwauza ndekha kuti mpongozi wawo wandibwezera mbale. Konzekera. Wotsatira!"

Pakhonde anamuunjirira.

"Akufunsa chiyani? Iwe, timayesa akukupima kale! Akufunsa chiyani?"

"Zonse," anatero Shorouk, napanikiza kudutsa pakati pawo. Marina anamugwira mkono, namuyang'ana kumaso, ndipo anamusiya osafunsa kanthu, chifukwa dzina lake linali pafupi kuitanidwa.

Medhat anali pageti, pamthunzi wa mtengo, atavala malaya abuluu amene Shorouk ankawakonda, m'manja muli makapu awiri a madzi a nzimbe. Atamuona anawala nkhope yonse, ndipo mtima wa Shorouk, wopusawo, unadumpha monga mwa masiku onse.

"Mabrouk, mwapambana, adokotala anga! Ndinakuuza kuti usade nkhawa. Koma wachedwatu, anakupatsa tiyi?"

"Anandifunsa."

"Anakufunsa? Iwo aja analonjeza bambo kuti..."

"Ndinawauza ndine."

Medhat anayang'ana uku ndi uku ngati pali wina amene angamumasulire.

"Shorouk, wapenga? Ukudziwa kuti ndinawanyengerera bwanji bambo kuti apite kumeneko? Bambo sapempha munthu. Anavala mkanjo wawo wa jalabiya wa pa Idi, anakwera masitepe ndi bondo lawo lija, chifukwa cha iwe!"

"Unandifunsa?"

"Ndikanakufunsa ukanakana."

"Ndiye unkadziwa."

Shorouk anatenga kapu imodzi n'kumwa osapuma. Medhat anatsitsa mawu, uchi uja n'kuyamba kuyenderera.

"Mwezi wanga, ine sindifuna anthu azikuseka. Ndikakuganiza uli pakati pa anthu, ukuvutika, iwo akuyang'anizana, mumtima muno mumatuluka magazi. Ndi tchimo limenelo? Ukhala dokotala basi. Pamwamba pa sitolo pali chipinda, tikuikira makina oyezera magazi, palibe wokuvutitsa ndi mafunso. Ine ndizikuyankhulira. Za mitembozi n'zachiyani? Amayi akuti fungo lake limakakamira m'tsitsi."

"Ndidzasamba."

"Usachite nthabwala."

"Sindikuchita. Malikisi amene m-munandipempherawo ukuwadziwa mapeto ake, Medhat? Unkadziwa kuti anditsekera nthambi ija?"

Medhat anayang'ana thovu la m'kapu yake. Kwa munthu amene mawu sankamuthera, kuzemba maso kumeneko kunali yankho lokwanira. Shorouk anamva china chake chikuthyoka pansi pa nthiti, mwakachetechete, ngati kamtengo kouma.

"Madzulo ano tipite kunyumba," anatero Medhat. "Ukawapsompsone dzanja bambo, unene kuti unachita mantha, sunadziwe chimene ukunena. Iwo akaimbira a Fikri, zonse zibwerera m'malo. Loweruka amayi akufuna mupitire limodzi kukaona mipando."

"Dzanja ndiwapsompsona, ndi bambo. Ndiwathokoza chifukwa cha bondo lawo. Koma sindinachite mantha, ndipo Loweruka ndili ku mochale."

"Nanga akakwiya? Ukuwadziwa bambo. Akati ukwati kulibe?"

Yankho linabwera msanga m'mutu, koma pakamwa linachedwa. Shorouk anaima pamenepo padzuwa, pakati pa mahutala a minibasi ndi ogulitsa chimanga chootcha, chibwano chikunjenjemera, anthu odutsa akucheuka. Sanabise nkhope.

"Ndiye kuti u-ukwatiwo unali wa bambo ako," anatero, "osati wako."

Anamubwezera kapu yopanda kanthu. Minibasi yopita kutsidya inali itaima, kondakitala akukuwa kuti kwatsala malo amodzi. Shorouk anakwera, napanikizana ndi mayi wina wonyamula nkhunda m'dengu. Pawindo anamuona Medhat ataima pomwe paja, kapu yodzaza kudzanja lina, yopanda kanthu kudzanja linalo, akuyang'ana foni imene inkalira m'thumba la malaya ake abuluu koma alibe dzanja loitengera.

Misozi inabwera asanafike pamlatho. Anailola itsike. Kenako anapukuta ndi nsonga ya mpango, natsegula buku lake pamiyendo n'kuyamba kufunafuna tsamba la mankhwala oonetsera zidindo papepala lonyowa.